Kunyanja ndi tiana patchuthi

Funso: Akonzi, patchuthi cha Khirisimasi tikufuna kupita ku Senga Bay ndi ana awiri, wazaka 3 ndi wazaka 6. Tisamale chiyani? Mayi wa ku Lilongwe.

Yankho: Mayi, nyamukani m'mamawa kuti ana asambe dzuwa lisanakwere. Kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko masana akhale pamthunzi, chifukwa mchenga wa ku Salima umaotcha mapazi. Avale nkhwaira ndi chipewa.

Chachikulu ndi likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono zokhala m'madzi odekha, makamaka pomwe pali bango ndi udzu, ndipo timalowera pakhungu. Sankhani pamchenga poyera pomwe mafunde akugunda, ngakhale kuti napo chiopsezo sichitheratu. Mukaona magazi mumkodzo wa mwana, ngakhale patadutsa miyezi, pitani kuchipatala. Mankhwala ake ndi praziquantel.

Wamng'onoyo asalowe kupitirira m'maondo, ndipo munthu wamkulu akhale pomufikira ndi dzanja, foni ili m'thumba. Mwana akamamira sakuwa ayi.

Tengani madzi akumwa, neti yogonamo, ndi Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi. Chambo chotsani minga ndi zala musanawapatse.