Musathire mankhwalawo musanayang'ane pansi pa Acropora wanu

Achimwene, ndaona zithunzi zimene mwaika m'gulu lathu lino la oweta za m'nyanja m'thanki, zoonetsa kuti Acropora wanu, korali wa nthambi uja, akuyera. Botolo la Flatworm Exit, mankhwala ophera nyongolotsi zofiira za m'thanki, limene anzathu akukulimbikitsani, mulisiye kaye pashelefu, chifukwa zimene zikuoneka pa zithunzi zanu si ntchito ya nyongolotsi zofiira zija zimene mankhwalawo anapangidwira. Timadontho toyera tozungulira timene tili kunsi kwa nthambi za Acropora wanu, komanso kuyera kumene kukukwera kuchokera patsinde pamene nsonga zidakali ndi mtundu wake, ndi zizindikiro za nyongolotsi zophwatalala zodya Acropora, zimene ambiri m'gulu lino amazitchula kuti AEFW. Dzina lake la sayansi ndi Prosthiostomum acroporae, ngakhale kuti m'zolemba zina mudzapeza Amakusaplana acroporae, dzina limene zinapatsidwa mu 2011. Mwanena kuti mwaunika ndi tochi koma simunaone kanthu, ndipo ine ndikukukhulupirirani, pakuti zikamadya mnofu wa korali zimameza pamodzi ndi tindere timene timakhala m'thupi lake, motero zimatenga mtundu weniweni wa korali amene zakhalapo. Zambiri sizipitirira kukula kwa njere ya mpunga, ndipo zimamatirira ndithu osagwedezeka.

Tulutsani korali mmodzi amene wadyeka kwambiri, mumuike m'beseni loyera lokhala ndi madzi a m'thanki momwemo, kenako mumupopere mwamphamvu pakati pa nthambi ndi sirinji yopanda singano ya ku farmácia. Zikakhalapo mudzaziona zikugwa n'kumakwawa pansi pa beseni. Mukatero mumutembenuze, muyang'ane patsinde pamene mnofu watha n'kutsala fupa loyera. Timagulu ta timadontho tofiirira timene tamatirira pamenepo ndiwo mazira, ndipo nkhani yonse yagona pa mazira amenewo.

Ine nyongolotsi zimenezi zinandilowera kudzera mwa bambo wina amene amabweretsa makorali kuchokera ku Johannesburg n'kumagulitsa kwa ife a kuno ku Tete ndi ku Moatize. Dzina lake sinditchula, koma amene munagulako kwa iye mukumudziwa. Tizidutswa timene anandigulitsa tinali tokongola zedi, ndipo matsinde ake onse anali atapakidwa guluu watsopano mochindikala, zimene iye ananena kuti anachitira ulendo wautali wa pamsewu. Madontho oyera atayamba kuoneka pa Acropora wanga wamkulu, amene ndinamulera kuyambira ali kanthambi kamodzi, ndinamuimbira foni. Poyamba anati ndi kutentha kwa Tete, kenako anati ndi nyali zanga, ndipo pamapeto anati ndi nyongolotsi zofiira zimene zinkaoneka pang'ono pagalasi. Ananditumizira mankhwala m'kabotolo kopanda pepala lililonse, anandilipiritsa mametikali ochuluka, ndipo mlingo wa madontho anangoulemba pa WhatsApp. Sananene kuti nyongolotsi zofiirazo zikamafa zimatulutsa poizoni, ndiponso kuti munthu ayenera kuyamba wazikoka ndi paipi, n'kukonzeratu makala osefera madzi ndi madzi a mchere osinthira.

Unali mwezi wa Okutobala, nyengo imene kuno dzuwa limapitirira 40°C masana ndipo makoma a nyumba amakhala akutenthabe mpaka pakati pa usiku. Ndinathira mankhwalawo titangodya chakudya chamadzulo. Ola lisanathe, nyongolotsi zofiira zinayamba kutuluka m'mabowo a miyala, zochuluka kuposa zimene ndinkaziona pagalasi, zikuyandama zitamangana ndi ulusi wa mamina, ndipo madzi anasanduka achikasu chodera. Skimmer, imene imachotsa zonyansa m'madzi kudzera m'thovu, inayamba kutumphuka thovu n'kumataya madzi onunkha pasimenti. Nsomba zonse zinakwera pamwamba zikupuma mofulumira, ndipo tang wanga, amene ankadya m'manja mwa ana anga, anagona cham'mbali pamchenga, mphuno zake zopumira zikungogunda. Madzi a mchere okonzeka ndinali nawo chidebe chimodzi chokha. Mchere m'thumba unali utatsala wa pansi, ndipo inu mukudziwa kuti kuno nyanja ili ku Beira, mtunda wa makilomita pafupifupi 600, komanso palibe sitolo imene mungagogode usiku kuti akugulitseni mchere wa akwariyamu. Madzi osefedwa amene ndinatunga m'mgolo anali ofunda ngakhale usikuwo, moti ndinachita kuponyamo mabotolo a madzi oundana ochokera m'firiji kuti atsike kufika pa 26°C, uku ndikutakasa mchere ndi dzanja. Mayi a kunyumba anagwira tochi, mwana wanga wamkulu akuwola nyongolotsi zakufa ndi kaukonde, ine ndikuthamangitsa nsomba pakati pa miyala kuti ndiziike m'chidebe. Tang uja anafera m'chidebemo kusanache. Kamarawu onse awiri anafa, ndipo nkhono zambiri zinagwa pagalasi osadzukanso.

Chimene chinandipweteka koposa chinali cha m'mawa mwake. Nditatulutsa Acropora wamkulu uja kuti ndione ngati wapulumuka, ndinamupopera m'beseni, ndipo nyongolotsi zinagwa zamoyo, zonenepa, zikuyenda bwinobwino ngati kuti sipanachitike kanthu. Pansi pa tsinde panali mazira mizeremizere. Kenako ndinatenga lezala n'kukanganula guluu uja pa tizidutswa timene bamboyo anandigulitsa, ndipo m'mphepete mwake, pamene guluuyo sanafike bwino, ndinapeza makoko a mazira oswa kale. Munthuyo ankadziwa. Anaona mazirawo, anawakwirira mothamanga, n'kundigulitsa matenda pamtengo wa korali wabwino, kenako anandigulitsanso mankhwala a nyongolotsi zina. Nditamutumizira zithunzi anayankha kuti thanki yanga ndi yauve, ndipo kuyambira tsiku limenelo foni yanga sailandira. Mpaka lero ndimaona akulengeza katundu watsopano ndi mawu okoma, anthu n'kumamuthokoza. Ndimadziwa kuti tili ochepa amene timaweta za m'nyanja m'chigawo chino ndipo timadalirana, koma kudalirana kumeneko n'kumene munthu ameneyu amadyerapo.

Tsopano mvetsani za mazira. Mankhwala oviikamo makorali amene timagwiritsa ntchito, monga Revive ndi Coral Rx, amagwetsa nyongolotsi zoswa kale, koma mazira sawapha chifukwa ali m'chikhokho cholimba. M'madzi ozizirirapo mazirawo amatenga masabata atatu kapena kuposerapo kuti aswe, pamene m'madzi ofika 30°C amaswa masabata awiri asanakwane, ndipo tianato timakulanso msanga n'kuyamba kuikira. Apa ndi pamene ife a ku Tete timasiyana ndi anzathu a ku Ulónguè kapena ku Tsangano kumene kumazizira, chifukwa makina oziziritsa madzi akangofooka kapena magetsi akazima masana, thanki imatentha ndipo nyongolotsi zimachulukana mofulumira pa nthawi yomwe korali nayenso wafooka ndi kutentha. Yesetsani kuti madzi akhale pa 25°C kapena 26°C, ngakhale zitatanthauza kuika fani pamwamba pa thanki usana wonse n'kumawonjezera madzi osefedwa m'malo mwa amene auma.

Acropora yense atuluke m'thanki yaikulu apite m'thanki ina yapadera yopanda mchenga ndi miyala, yokhala ndi nyali ndi pampu yake. Ndikati yense ndikuphatikiza ndi mnofu umene unayala pamiyala pamene korali anamerera, pakuti kachigamba kakang'ono kotsala n'kokwanira kudyetsa nyongolotsi mpaka mudzabweze enawo. Muupale kapena muukwirire wonse ndi epoxy, phala lomatira limene limauma ngati mwala. Nyongolotsi zimenezi zimadalira Acropora, choncho thanki ikakhala yopanda Acropora kwa masabata 6 mpaka 8 zotsalazo zimafa ndi njala, ndipo amene amadikira kupitirira apo salakwitsa. M'thanki yapaderayo muziviika korali aliyense kamodzi pa sabata, tsiku lomwelomwelo, motsatira mlingo ndi mphindi zolembedwa pabotolo, mukumupopera ndi sirinji nthawi yonse imene ali m'mankhwala. Mukamutulutsa mumutsukuluze m'beseni lachiwiri la madzi a mchere oyera, ndipo madzi a m'mabeseni onse awiri atayidwe. Musanamubweze, yang'anani tsinde ndi galasi lokulitsa zinthu, mupale mazira ndi nsonga ya lezala, kenako pamene pali fupa lopanda mnofu mupakepo super glue ya jelo. Kuviika kwa sabata iliyonse n'kofunika chifukwa kumagwira tiana timene taswa tisanafike msinkhu woikira mazira, ndipo mukadumpha sabata imodzi mumayambiranso pachiyambi.

Mwina wina akuuzani za levamisole, mankhwala a njoka za m'mimba amene amapatsa ng'ombe ndi mbuzi, kapena za mankhwala ophera tizilombo m'munda okhala ndi imidacloprid amene ena kunja amaviikamo makorali. N'zoona kuti alipo amene amagwiritsa ntchito zimenezi, koma mphamvu ya mankhwala amene amagulitsidwa m'masitolo a zaulimi imasiyanasiyana, ndipo dontho la mankhwala a m'munda likalowa m'thanki yaikulu limapha kamarawu, nkhanu ndi tizamoyo tating'ono ta m'miyala. Mankhwala amenewa nawonso mazira sawakhudza. Chilichonse chobwera m'botolo lopanda pepala musachilandire, ngakhale wokupatsaniyo akhale mnzanu wa kutchalitchi.

Za nsomba zodya nyongolotsi ndinene chilungamo. Six-line wrasse ndinali naye m'thanki nthawi yonseyi, ndipo sanaletse kanthu, chifukwa nyongolotsi zimabisala mkati mwa nthambi mmene iye safika. Ngakhale zili choncho mugule mmodzi ngati mungamupeze, kapena wrasse wachikasu wa mtundu wa Halichoeres chrysus, pakuti mukamapopera makorali m'thanki nsombazi zimawakha zimene zagwa zisanamatirirenso. Ofufuza a ku Australia anaona kuti six-line amadya nyongolotsi zikuluzikulu koma mazira sawakhudza, pamene kamarawu wa mtundu wa Lysmata vittata amadya zonse ziwiri. Vuto ndi lakuti kamarawu amene amagulitsidwa ndi dzina lakuti peppermint ali a mitundu ingapo yofanana, ndipo wogulitsa wa kuno sangakuuzeni motsimikiza kuti wakupatsani uti. Six-line nayenso ndi wandewu akakhazikika, makamaka m'thanki yaing'ono.

Makorali anu akuluakulu musafulumire kuwataya, pirirani nawo ndi kuviika kwa sabata ndi sabata. N'zoona kuti anga akuluakulu sindinawapulumutse ndi kuviika. Korali wa nthambi zothithikana ali ndi malo ambiri amene lezala silifika, ndipo nditaona kuti mazira akuonekabe ndinatenga pulayala n'kudula nsonga zathanzi zokha, zotalika ngati masentimita 2 kapena 3, kutali ndi pamene padyeka, n'kuzimata pa timiyala tatsopano, ndipo matsinde onse ndinawaponya padzuwa. Nsonga zimenezo n'zimene ndili nazo lero. Komabe inu vuto mwaliona msanga, ndipo pa zithunzi zanu mbali yaikulu ya mnofu idakalipo, choncho yesani kaye njira yayitaliyo, koma pa korali aliyense mudulepo nsonga imodzi kapena ziwiri muzisunge pazokha.

Nyongolotsi zofiira zija ngati muli nazonso, muthane nazo pambuyo pake. Muyambe mwazikoka ndi kapaipi masiku angapo mpaka zichepe, mukonzeretu madzi a mchere okwana gawo limodzi mwa magawo anayi a thanki pa mlingo wa mchere wa 1.025 pa choyezera chanu, makala atsopano akhale pafupi, ndipo muthire mankhwala m'mawa wa tsiku limene muli pakhomo, osati usiku.

Wogulitsa wanu musakangane naye pagulu pano, chifukwa mawa mudzafuna mchere ndipo amene amabweretsa ndi owerengeka. Ingomufunsani kuti makoraliwo anawasunga payekha nthawi yaitali bwanji asanakugulitseni, komanso ngati ali ndi mapepala a CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa, popeza makorali olimba onse monga Acropora amafuna chilolezo kuti awoloke malire. Kenako kanganulani guluu pa kachidutswa kamodzi kamene munagula posachedwapa muone zimene zili pansi pake. Mukapeza makoko a mazira, mundilembere kumbali mundiuze amene anakugulitsani.