Mwanayo asasiye Chichewa ku Fomu 3

Mayi, mwafunsa ngati mwana wanu wa Fomu 3 angosiya phunziro la Chichewa, poti akuti amachiyankhula kale, komanso kuno ku Mzuzu anzake ambiri amacheza m'Chitumbuka. Ine ndikuti asasiye ayi.

M'phunziroli muli malamulo a chiyankhulo ndi chimangirizo, inde, koma pokoma penipeni ndi pa chikhalidwe: malonje, ukwati, maliro, miyambi, zining'a. Mwana wanga wamkazi atafika pa mutu wa ukwati anabwera kunyumba akufunsa kuti kodi "mbumba" n'chiyani. Ndinamukhazika pakhonde n'kumuuza kuti kwathu ku Dedza mbumba ya mwamuna ndi alongo ake pamodzi ndi ana awo. N'chifukwa chake mkamwini amakamanga kwa mkazi, ndipo mwana akapalamula timathamangira kwa malume. M'mawa mwake mnzake wa ku Ekwendeni anamuuza kuti kwawo malowolo akaperekedwa, ana ndi akuchimuna basi. Akuti anatsutsana mpaka belu linalira! Madzulo ake anandifunsanso chifukwa chake pamaliro timati "atisiya" kapena "kwagwa zovuta" osangonena kuti munthu wafa. Kuyambira pamenepo anayamba kutchera khutu akuluakulu akamayankhula.

Chinthu china mumuuze mosabisa. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko lonse, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi ya MBC mpaka 1994. Kwa ena kuno bala limenelo silinapole. Choncho asamaseke mnzake amene lilime likumupita kwina m'kalasi. Nayenso aphunzire kupereka "monire" ndi kuthokoza kuti "yewo", azifunsa anzakewo za Vimbuza iye n'kumawafotokozera za Gule Wamkulu. Paja UNESCO inazindikira magule awiriwa chaka chimodzi, 2005.

Za mayeso: mugulireni kope lapadera lolembamo miyambi ndi zining'a zomwe wamva, makamaka akapita kwa agogo patchuthi. Apeze mapepala akale a MANEB, Loweruka azikawerenga ku laibulale ya National Library Service m'tauni muno. Asamale kalembedwe, chifukwa Chichewa cha pamsika wa Zigwagwa, chosakaniza "chomene" ndi Chingerezi, chimadyetsa malikisi pa chimangirizo.

Akadzachikonda, ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) pa Luwinga pompa amaphunzitsa za ziyankhulo, ndipo m'makhoti ndi m'nyumba zoulutsira mawu amafuna anthu odziwa kumasulira. Ngati mungafune, kope lotere la mwana wanga likadalipo, mubwere mudzalitenge.