Bishopu wanu akufera chiyani pa h7?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene wangoyamba kumene kulowa mipikisano ya chess. Akuti pa intaneti, m'magemu a mphindi zitatu, amakwapula anthu popereka zida zake nsembe pafupi ndi mfumu ya mdani. Koma atapita ku mpikisano wa pa bolodi, komwe aliyense amapatsidwa nthawi yoposa ola, anagonja magemu atatu mwa asanu, ndipo awiri mwa magemuwo anaponya bishopu pa h7, pomwe pamakhala pawn ya kumphepete pafupi ndi mfumu yakuda, osapeza kanthu. Funso lake linali lakuti: "Kodi ndisiye kuukira, ndizisewera mwachifatse ngati akuluakulu aja?"

Achimwene, musasiye. Mtima wofuna mfumu ya mnzanu ndi wosowa, ndipo ambiri amene amautaya ali ana saupezanso. Chimene chakupwetekani ndi chakuti pa intaneti mnzanu amayankha mothamangitsidwa ndi wotchi, pomwe pa mpikisano akhoza kugwira chibwano kwa mphindi makumi awiri mpaka atapeza muvu imodzi yokhayo yomupulumutsa. Nsembe yanu iyenera kupirira munthu wotereyo.

Tiyeni tiyale zida, tione bishopu wanuyo. Nsembe ya pa h7 ndi yakalekale, imapezeka m'zolemba za Gioachino Greco wa ku Italy za m'zaka za m'ma 1620. Sewerani mamuvu awa pa bolodi yanu (K ndi mfumu, Q mfumukazi, R rook, B bishopu, N kavalo, x ndi kudya, + ndi cheki, O-O ndi kubisa mfumu kumbali): 1.e4 e6 2.d4 d5 3.Nc3 Nf6 4.e5 Nfd7 5.Nf3 Bb4 6.Bd3 O-O. Apa wakuda walakwa pobisa mfumu kumbali komwe kulibe mlonda. Woyera amadya 7.Bxh7+, mfumu imadya bishopuyo, kenako kavalo amalumphira pa g5 ndi cheki. Mfumu ikabwerera pa g8, mfumukazi imafika pa h5, ndipo 9...Re8 10.Qxf7+ Kh8 11.Qh5+ Kg8 12.Qh7+ Kf8 13.Qh8+ Ke7 14.Qxg7 gemu yathera pomwepo. Ikathawira pa h6, kavalo amadya pa e6, njira ya bishopu wa pa c1 yatseguka ndi cheki, mfumukazi yakuda yapita. Ikatulukira pa g6, ndiye pofunika mutu kwambiri, koma 9.h4 imabweretsa pawn yodzabaya pa h5 ndipo mfumuyo imasowa kolowera.

Tsopano onani chimene chachititsa kuti zonsezi zitheke. Pawn ya pa e5 inathamangitsa kavalo pa f6, ndiye palibe wolondera h7 ndi h5. Bishopu wakuda wapita kukayenda ku b4 m'malo mokhala pa e7 pomwe akanatha kudya kavalo wanu pa g5. Bishopu winayo, wa pa c8, watsekeredwa ndi kavalo wake wa pa d7 ndi pawn yake yomwe ya pa e6. Musinthe chimodzi chokha mwa zinthu izi, nthawi zambiri nsembeyo imasanduka mphatso.

Ine ndinaphunzira zimenezi ndi misozi. Pa mpikisano wina ndili wamng'ono ndinaona bishopu pa d3, kavalo pa f3, mfumu ya mnzanga ili pa g8, mtima unagunda ndipo dzanja linapita lokha. Nditaika mfumukazi pa h5 ndinadzuka pampando kukamwa madzi, ndikudziwa kuti ndamaliza ntchito. Pobwera ndinapeza bambo amene ndinkasewera nawo asuntha bishopu kuchoka pa c8 kufika pa f5. Pawn yawo ya pa e6 inali itadyedwa kalekale, njira inali pululu, ndipo bishopuyo anali akuyang'ana h7 ali phee. Ndinakhala maola awiri ena ndikukankha gemu yakufa kale. Mpaka lero ndisanaponye chida pa h7 maso anga amayamba apita pa c8.

Rudolf Spielmann wa ku Austria, m'buku lake la 1935 lonena za nsembe, anazigawa pawiri. Pali nsembe yongooneka ngati nsembe, pomwe mwawerengera mpaka kumapeto ndipo mukudziwa kuti mupha mfumu kapena chida chanu chibwerera ndi phindu. Ya Greco ija ndi yotero. Palinso nsembe yeniyeni, pomwe simungaone mathero, mwangogula nthawi, njira yotseguka, kapena mfumu yamaliseche. Vuto la ambiri aife ndi kupereka nsembe yeniyeni tikuganiza kuti ndi yoyamba ija, chifukwa tawerengera mayankho okhawo amene tikufuna mnzathu asewere.

Ndikudziwa kuti mutchula Mikhail Tal, aliyense wokonda kuukira amatero. Mu 1960 ku Moscow, mnyamata wa ku Riga ameneyu ali ndi zaka 23 analanda ukatswiri wa dziko lonse kwa Mikhail Botvinnik. Mu gemu yachisanu ndi chimodzi anaika kavalo pa f4 pa muvu ya 21, pomwe pawn inangomudya, ndipo phokoso la oonerera linakula mpaka gemuyo inasamutsidwira ku chipinda china. Akadaulo atafufuza pambuyo pake anapeza kuti Botvinnik anali ndi njira yopambanira, koma pa bolodi sanaipeze. Inde, nsembe yokayikitsa ikhoza kugwetsa ngakhale chimphona. Koma yang'anani pomwe zida za Tal zinali pa nthawiyo: ma rook onse awiri ali pa mzere wa c, mfumukazi ili mkati mwa dera la mdani, bishopu mmodzi akupuma mpweya wabwino pa f5, winayo pa g7 akungodikira kuti pawn yake ya pa e5 ichoke panjira. Kavalo mmodzi anafa kuti gulu lonselo lipeze polowera. Ndiponso musaiwale kuti chaka chotsatira Botvinnik anakonzekera bwino, anam'kokera Tal m'magemu ouma, n'kutenganso ulemu wake.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe, achimwene. Musanapereke chilichonse, werengani zida zanu zimene zingafike pafupi ndi mfumuyo m'mamuvu awiri, muwerengenso zake zimene zingabwere kudzateteza. Tinaphunzitsidwa kuti pa mtengo wa zida kavalo ndi 3, rook ndi 5, mfumukazi ndi 9, koma rook yogona pa a1 siwerengedwa pa nkhondo ya ku h7. Gemu ya Paul Morphy ya ku Paris mu 1858, ya mamuvu 17 okha, muisewere kangapo ndi diso limeneli. Anatulutsa pafupifupi chida chilichonse, ndipo pomaliza anapereka mfumukazi pa b8 n'kupha ndi rook pa d8 mothandizidwa ndi bishopu, zida ziwiri zokhazo zomwe zinamutsalira kupatula ma pawn.

Chinanso chimene anyamata saganiza: mnzanu sakakamizidwa kudya. Kuno ku chess si ku drafuti. Garry Kasparov ataponya rook pa d4 polimbana ndi Veselin Topalov ku Wijk aan Zee mu 1999, Topalov anaidya, mfumu yake inathamangitsidwa mpaka kutsidya la bolodi. Akanakana n'kusunthira mfumu pa b6, gemuyo ikanapitirira mofanana mphamvu. Choncho powerengera dzifunseni kawiri, akadya chichitike n'chiyani, nanga akakana ndatsala ndi chiyani.

Pa mpikisano wotsatira yesani izi. Nsembe ikakubwererani m'mutu, ikani manja pansi pa tebulo. Dziyerekezeni kuti ndinu mnzanuyo ndipo fufuzani muvu yonyansa kwambiri imene angakuyankheni, makamaka chida chobwerera m'mbuyo kudzateteza, poti zimenezo ndi zomwe maso amazidumpha. Mukaona kuti simukutha kumaliza kuwerengera, funsani ngati pali muvu yachete yobweretsa chida china kunkhondoko. Kawirikawiri nsembeyo imakhalapobe pa muvu yotsatira, itanenepa. Ndipo mukafika kunyumba musathamangire kuyatsa Stockfish, pulogalamu ya kompyuta yosanthula magemu. Yambani mwalemba nokha zomwe munkaganiza, kenako kompyuta ikuonetseni pomwe maso anu anathera.

Munditumizire mapepala a magemu awiri aja a pa h7. Ndikufuna ndione pomwe panali kavalo wa mnzanuyo ndi bishopu wake wa pa c8 pa nthawi imene munkadya pawn ija.