Lamba wa CNC akang'ambika, musathamangire guluu

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga ndipo chithunzi chija ndachionetsetsa. Mukuti makina anu a CNC, odula matabwa molamulidwa ndi kompyuta, ayamba kudula zozungulira zooneka ngati dzira, lamba wa mbali imodzi ya Y (njira yoyendera kutsogolo ndi kumbuyo) wang'ambika m'mphepete ndipo mano angapo athothoka, ndiye mukufunsa ngati mungamate ndi super glue poti pali zikwangwani zomwe mwini wake akuzifuna Loweruka. Chonde musatero. Mphamvu ya lamba ameneyu siili mu rabala ayi, ili mu tiulusi tomwe tili mkati mwake. Tiulusito tikaduka, guluu amangogwira khungu lapamwamba, n'kuuma gwa, ndipo akangofika popinda pa pule, kagudumu ka mano ka pa mota kamene lamba amadutsapo, amathetheka. Lamba adzakudukirani mpeni uli mkati mwa thabwa la kasitomala.

Koma musanaweruze lambayo, yambani mwaona pule ya pa mota. Ine zinandichitikira chaka chatha kuno ku Chirimba. Ndinasintha lamba, ndinamukoka, ndinamukokanso, zilembo zikutulukabe zopotoka, mpaka ndinaononga matabwa atatu a mlombwa omwe ndinawapeza movutikira. Chikhalirecho vuto linali tibawuti tiwiri tating'onoting'ono tomwe timamanga pule ku shafiti. Tinali titakhwepa, ndiye mota ikabwerera m'mbuyo pule imachedwa pang'ono kutsatira. Tengani maka, lembani mzere umodzi wodutsa pa shafiti ndi pa pule, yendetsani makina uku ndi uku kangapo. Mzere uja ukasiyana, mwampeza wakuba. Mangani ndi Allen key, ndipo kabawuti kamodzi kakhale ndendende pamalo ophwatalala a shafiti. Kadontho ka Loctite wabuluu, mankhwala omatira mabawuti, kamathandiza kuti tisamasukenso. Wofiira ayi, mudzavutika pomasula. Onaninso timawilo toyenda pa njanji: kawilo kakamazungulira momasuka mukakapotokola ndi chala makina ataima, kakufunika kumanga.

Za Lowerukazo, njira ilipo koma ndi yongodutsira. Pa makina ngati anuwo lamba samayenda, amamangidwa uku ndi uku ndipo mota ndi imene imayenda pa iye. Ngati pong'ambikapo pali pafupi ndi kumapeto, masulani, mutembenuze kapena mumusunthe kuti malo owonongekawo akhale kumene pule sifikako, n'kuika thabwa lanu mbali yabwinoyo. Pakakhala pakati penipeni, imani kaye. Ndi bwino kumuimbira kasitomala lero kusiyana n'kumuonetsa thabwa loonongeka mawa.

Pogula watsopano ndi pamene anthu ambiri amagwa. Makina ang'onoang'ono ambiri amagwiritsa ntchito lamba wa mtundu wa GT2, yemwe mano ake amatalikirana 2 mm, m'lifupi 6 mm kapena 9 mm. Yezani wanuyo: mano 10 akwane 20 mm. Pali wina wotchedwa MXL amene ndi maso simungamusiyanitse, koma mano ake ndi 2.032 mm. Zikuoneka zochepa, komatu pa mtunda wa 500 mm kusiyanako kumafika 8 mm, ndipo sakhala bwino pa pule ya GT2. Choncho wina akakupatsani lamba wochotsa mu pulinta yakale ku Ndirande kapena ku Limbe, muyeseni kaye musanalipire. HTD 3M nayenso ndi wina, mano ake ndi 3 mm. Dulani kachidutswa ka wakaleyo muyende nako m'thumba pamodzi ndi pule.

Ine ndimakonda wa ulusi wa fibreglass. Wa tiwaya tachitsulo amamveka wolimba, koma pa pule yaying'ono ya mano 20 amapindika kwambiri, tiwaya timaduka kamodzikamodzi mkati inu osaona kanthu, ndiye lamba amatamuka malo amodzi okha. Mumadabwa kuti ngodya ina ya tebulo ikudula bwino, ina ikunama. Ngati mukuitanitsa ku Johannesburg kapena ku China, gulani mamita okwanira kawiri, chifukwa kudikira katundu milungu ingapo makina ali chete kumapweteka.

Musinthe malamba onse awiri a Y tsiku limodzi, ngakhale winayo akuoneka wabwino. Watsopano ndi wakale sakoka mofanana, ndipo mtanda wonyamula rauta umayenda mopendama. Pokoka, muwakhudze ngati nsambo ya gitala, onse alire mawu ofanana, otsika koma omveka. Asamachite pepepe, komanso musakoke mpaka kuwawa, mudzapha maberingi a mota.

Mukatha, yesani muyeso. Ngati makina anu ali pa GRBL, pulogalamu yowayendetsa, nambala ya masitepe a mota pa milimita imodzi imalembedwa pa $100 ya X (kumanzere ndi kumanja) ndi pa $101 ya Y. Mota ya masitepe 200, pule ya mano 20 ndi microstepping (kugawa sitepe iliyonse m'tizigawo) ya 1/8 zimapereka masitepe 40 pa milimita imodzi. Ya 1/16 imapereka 80. Lamulani makina ayende 500 mm, yezani ndi rula yachitsulo, osati tepi yotopa ija. Akayenda 499, chulukitsani nambala yakale ndi 500, mugawe ndi 499. Kenako dulani sikweya pa kachidutswa ka MDF muyeze ngodya ndi ngodya mopingasa mbali zonse ziwiri, miyeso iwiriyo ifanane.

Utuchi nawo musaunyozere. Pachithunzi chanu ndaona waunjikana m'mano a pule, ndipo ukauma umamukweza lamba n'kuyamba kumudya m'mphepete, makamaka ngati timawilo tomupanikiza tapendama. Mswachi wakale ukwanira, madzulo aliwonse mukaweruka. Mafuta kapena girizi pa lamba musaike.

Ndili ndi GT2 wa 6 mm pafupifupi mamita atatu amene anatsala nditakonza anga. Muyeze wanuyo usiku uno mundiuze, ngati akufanana tikumane pa Ginnery Corner mawa m'mawa mudzatenge.