Mtsikana angapite yekha kunyanja?

Mtsikana wina wa ku Luchenza wandifunsa nkhani imene atsikana ambiri amangoisunga mumtima. Ali ndi zaka 23, ndi telala, ndipo pa ndalama zimene wagawana ndi anzake ku banki m'khonde akufuna atapepo zina apite yekha ku Monkey Bay, akaone nyanja imene amangoimva. Amalume ake akana, ati mwana wamkazi sagona kwa eni popanda womuperekeza. Chibwenzi chake nacho chati anthu amutcha woyendayenda. Funso lake ndi lakuti, kodi akapita alakwira mwambo?

Mdzukulu wanga, sulakwira mwambo uliwonse. Pita.

Amene amati mkazi wa kuno sayenda aiwala mmene tinafikira kuno. Makolo a Alomwe ambiri a ku Mulanje ndi ku Thyolo anachokera ku Mozambique kumapeto a zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro a m'ma 1900, kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Anaoloka Ruo wapansi, amayi mwana kumsana, mtolo pamutu. Ngakhale lero, amene amalawira mbandakucha ndi dengu la nanazi kapena tomato wa ku Bvumbwe kupita ku Limbe ndani? Amene amakapikula usipa ku Mangochi ndani? Ndi amayi, ndipo palibe amawanena. Mkangano umangobuka mtsikana akati ulendowo ndi wake, akukaona dziko, sakukasakira wina ndiwo. Izi zimandiwawa.

Ganiziranso za chikamwini chathuchi. Kuno mwamuna ndiye amabwera, mudzi ndi wa akazi. Munda wa amayi ako udzagwera m'manja mwako, ana ako adzakhala a mbumba yanu. Tsiku lina mwana adzadwala, a chipatala adzati apite ku Queens ku Blantyre, bambo ake ali ku Johannesburg. Tsiku limenelo si loyambira kuphunzira kukwera minibasi. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo sananene kuti ng'onayo ndi yaimuna.

Phunziro lako loyamba lili pa depoti ya Limbe. Ukangotsika, oyitanira atatu adzakuzinga, wina wagwira chikwama, wina dzanja, wina akukuwa kuti yatsala malo a munthu mmodzi pomwe m'katimo muli anthu anayi okha. Ukakhala ndi achimwene ako, iwo ndiwo amayankha, iwe umangotsatira, n'kubwerako osadziwa ngakhale pamene pamaima za ku Zomba. Ukakhala wekha, pakamwa pako pomwepo ndiye padzatuluke mawu akuti, "Siyani chikwama changa, ndisankha ndekha." Udzafunsa mtengo usanakwere. Udzakumbutsa kondakitala chenje chako pamaso pa anthu, mtima ukugunda, koma udzakumbutsa. Atsikana athu timawalera kuti azilankhula atawerama, ndipo ulemu ndi wabwino, koma ena amafika pochita manyazi ndi ndalama yawo yomwe. Mawu amene udzawapeze pa depotipo ndi omwewo udzakanire kasitomala wofuna kutenga diresi pa ngongole, ndi omwewo udzakanire mwamuna wofuna zimene iwe sukufuna.

China chimene ulendo wawekha udzakupatse n'chosowa kwambiri kwa mwana wamkazi: nthawi yoti palibe akukuitana. Pakhomo dzina lako limayamba kumveka tambala asanalire, tunga madzi, sesa, yang'ana mphika. Kuchoka ku Limbe, kudutsa Zomba, kuoloka Shire pa Liwonde mpaka kukafika ku Mangochi ndi maola angapo oti mutu uli wako. M'menemo ndimo munthu amazindikira ngati ntchito yake amaikondadi, ngati mnyamata ujayo amamufunadi kapena amangoopa kunenedwa kuti wakalamba pakhomo.

Ndipo poti ndiwe telala, ukatsegule maso. Kaone masokedwe a amayi a Chiyao, kafunse mitengo ya nsalu pamsika. Atsikana a ku Chitipa ndi ku Karonga amabwera okha kudzaphunzira ku yunivesite ya sayansi ya MUST pa Ndata pompa chiyambire 2014, ndipo satha chifukwa chodya nsima ya kwathu kuno.

Koma tamvera tsopano, chifukwa mantha a amalume ako si opanda pake. Tamva za ana athu amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukalandidwa mapasipoti, n'kumagwira ntchito ngati akapolo. Boma linakhazikitsa lamulo loletsa kuzembetsa anthu mu 2015, komabe ozembetsawo sanagone. Ulendo umene ndikukulolawu ndi wolipira wekha, wodziwa wekha kokagona ndi tsiku lobwerera. Wa munthu wa pa Facebook amene akuti ingokwera, thiransipoti ndikubwezera ukafika, umenewo ayi, ngakhale atakhala wolankhula bwino chotani.

Nyamuka m'mawa kuti ukafike dzuwa likadalipo, ndipo za kupempha lifiti pa lole uzisiye. Ndalama zambiri zikhale mu Mpamba kapena Airtel Money, zochepa m'thumba, ndipo yobwerera isakhudzidwe ngakhale chambo chikome bwanji. Tenga chiphaso cha unzika, tchaja ndi chitenje. Thalauzi vala ndithu, lamulo lotiletsa lija linatha mu 1993, koma ukalowa pamudzi wa eni kapena ukapeza maliro panjira, manga chitenje. Njira ukafunse kwa amayi ogulitsa pamsika, osati kwa mnyamata amene wakulondola kuchokera pa siteji. Safunsa anadya phula, koma wofunsidwayo asankhidwe. Chakumwa chotsegula kale usalandire. Ukagone mu neti, ndipo posamba m'nyanja ukafunse eni ake malo abwino, poti m'madzi osayenda a m'mabango mumakhala likodzo. Phiri lathu la Mulanje lokha ndiye usadzalikwere wekha. Pa Likhubula pali operekeza odziwa njira, chifukwa nkhungu ya kumtunda kuja yasokeretsapo anthu osabwereranso.

Za chibwenzi chako sindinena zambiri. Muuze tsiku lonyamuka, uone ngati adzakunyamulire chikwama mpaka pa siteji kapena adzayamba kukuopseza kuti chibwenzi chitha. Yankho lakelo ulisunge, lidzakuthandiza a kwawo akadzabwera kudzafunsira mbeta.

Amalume ako ndiwo osawadumpha. Usazembe, tsanzika. Tengana ndi amayi ako mupite kwawo madzulo, ukhale pamphasa, uwafotokozere kokagona, nambala ya foni ya malowo, ndi tsiku limene adzakuone pakhomo. Uwauze kuti uziwaimbira ukafika pa Limbe, pa Liwonde ndi pa Monkey Bay. Akakanabe, usalimbane nawo. Apemphe akulole ulendo wa ku Zomba, kupita m'mawa kubwera madzulo, uwagulireko mbatatesi ya kumeneko, ubwere pa nthawi imene unalonjeza. Pakatha mwezi ukayambitsenso nkhani ya kunyanja.