Za roketi ya mwana wanu: yambani ndi botolo, injini ibwere pambuyo

Achemwali, mwati mnyamata wanu wa Fomu 2 wakakamira kuti amalume ake a ku Johannesburg amugulire roketi ya m'bokosi yomanga yekha, ndiye mukufuna kudziwa yoyenera woyamba kumene, komanso ngati n'zotheka kuiulutsa kuno ku Zomba. N'zotheka, ndipo chonde musamugwetse mphwayi mwanayo. Koma amalume asathamangire kusitolo musanamvane za injini, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

M'bokosimo mumakhala thupi la katoni, chipewa chosongoka cha pulasitiki, zipsepse, kaparachuti ndi kachingwe ka labala. Izi zitha kubwera m'chikwama popanda wofunsa. Injini ndi nkhani ina. Ndi kachubu ka pepala lolimba, masentimita 7 m'litali, kotsenderamo wonga, ndipo kamagwira ntchito kamodzi kokha. Kawirikawiri imagulitsidwa payokha. M'ndege siiloledwa, kaya m'chikwama cha m'manja kaya mu sutikesi, ndipo si katundu wobisa pansi pa zovala podutsa pa chipata cha Mwanza. Amalume afunse ogulitsawo njira yovomerezeka yotumizira, inunso mukafunse kupolisi musanaitanitse.

Chimene ndimaopa ine n'chakuti bokosi lifike lopanda injini. Mwana wamanga roketi yake yokongola, yangokhala pa kabati, kenako mnzake amuonetsa pa YouTube zopala mitu ya machesi n'kutsendera m'kapaipi. Pamenepo ndi pamene ana amaduka zala ndi kuphulika maso. Injini za kufakitale zinayamba n'cholinga chothetsa ngozi zomwezi: ku America m'zaka za m'ma 1950 achinyamata ambiri ankavulala posakaniza okha mankhwala, ndipo mu 1958 Vern Estes anatsegula kampani yopanga injini zoyesedwa kale. Mumuuze mwanayo mosapsatira mawu kuti injini yopanga yekha ayi, ngakhale atalonjeza kusamala chotani.

Ndiye pamene mukufufuza zimenezo, ayambe ndi roketi ya madzi sabata inoyi. Apeze botolo la malita awiri la chakumwa cha gasi, lopanda zokalika. La madzi akumwa lisiyeni, n'lopyapyala. Atenge valavu ya chubu chakutha cha njinga kwa okonza njinga pa msika, aiboolere m'chitsekerero cha labala chothina bwino pakamwa pa botolo. Athire madzi gawo limodzi mwa magawo atatu, azondotse botololo pakati pa njerwa kukamwa kuloze pansi, ndiye azipopa ndi pampu ya payipi yaitali ali chapatali, nkhope asaike pamwamba pake. Mpweya ukachuluka chitsekerero chimafwamphuka, madzi amathamangira pansi, botolo limapita m'mwamba mamita makumi angapo. Limenelo ndi lamulo lachitatu la Newton lomwe amaphunzitsa kusukulu, koma tsopano aliona ndi maso, malaya atanyowa.

Botolo lopanda zipsepse limangopidiguka m'malere. Apa ndiye pali phunziro lenileni, ndipo ndi lomwelo adzalifune pa roketi ya m'bokosi. Roketi imauluka molunjika ngati kulemera kuli kutsogolo, ndipo mphepo ikugwira kwambiri kumbuyo. N'chifukwa chake timamata zipsepse zitatu kapena zinayi kumchira, zotalikirana mofanana, ndi kuika dongo pang'ono kumphuno. Kuyesa kwake n'kosavuta. Aisanjike roketi pa chala mpaka apeze pamene siikupendekera uku kapena uku, amange chingwe pomwepo ndi kumatapo selotepi kuti chisasunthe, kenako aizunguze pamwamba pa mutu. Mphuno ikamatsogola yokha, zili bwino. Ikamayenda chammbali kapena chafutambuyo, aonjezere dongo kumphuno kapena akulitse zipsepse. Mwana amene wazidziwa izi pa botolo sangaononge ndalama za amalume.

Njira ya injini ikapezeka, ine ndingati roketi yoyenera ndi Alpha III ya kampani ya Estes ija. N'njaifupi, pafupifupi masentimita 30, ndipo zipsepse zake zimabwera zoumbidwa kale pamodzi, ndiye sangazimate mokhota. Amalume agule bokosi lokhala ndi poimikira, kachitsulo kotsogolera roketi, ndi choyatsira cha mabatire. Zimenezi musazione ngati zongoonjezera: roketi imayatsidwa ndi magetsi munthu ali patali, osati ndi machesi.

Pa injini pamalembedwa zinthu ngati A8-3. Chilembocho ndi mphamvu yonse, ndipo chilembo chilichonse chimawirikiza kawiri chinzake: B ndi A awiri, C ndi A anayi. Nambala yapakati ikunena kukankha kwake. Yomalizayo ndi masekondi amene injini imadikira moto ukatha, isanaphulitse kawonga kochepa kotulutsa parachuti. Ulendo woyamba agwiritse A8-3 basi. Ndikudziwa adzapempha C chifukwa wamva kuti imapitirira mamita 300, koma pamtunda umenewo kanthu kakang'ono chotero sikaoneka, ndipo mphepo imakatengera kuminda ya eni ake.

Pomanga asathamange. Guluu agone usiku wonse. Chipewa chizilowa mothina pang'ono koma chotheka kuzula ndi zala ziwiri. Ndipo asaiwale timapepala tosagwira moto timene timalowa m'thupi parachuti isanalowe, chifukwa popanda timeneti kawonga kaja kamasungunula parachuti, roketi n'kubwera pansi chamutu. Tishu wamba sangalowe m'malo mwake, amayaka.

Tsopano za malo, poti Zomba ili ndi zake. Kuphiri musapiteko: mitengo ya paini idzakola parachuti, mphepo yake siidziwika kolowera, ndipo tonse timaona m'mene moto umasakazira nkhalango ija chilimwe chikafika. Talikiraninso bwalo la ndege la asilikali, Cobbe Barracks, State House ndi ndende. Kanthu kouluka ndi utsi pafupi ndi malo amenewo kadzakupalamulirani mlandu. Chabwino ndi bwalo la mpira la sukulu, mutapempha kwa a hedi, ndipo aphunzitsi a sayansi atakhalapo. Injini ya A imafuna malo oyera osachepera mamita 30 mbali zonse, B mamita 60, C mamita 120. Yang'anani kumene kwadutsa nthambo za ESCOM, ndipo roketi ikakodwa pamenepo isiyeni, wina asayese kuikolola ndi nsungwi.

Nyengo yabwino ndi Epulo ndi Meyi, mvula itadula koma udzu ukadali wauwisi, m'mamawa mphepo isanadzuke. Juni ndi Julayi mwera umavuta. Kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba udzu umakhala wouma, kamoto kakang'ono kathawa m'kanthawi kochepa, ndiye miyezi imeneyo ikhale ya botolo la madzi. Ngakhale nyengo ili bwino, palani pansi poimikirapo ndipo ndowa ya madzi ikhale pafupi.

Ana adzasonkhana, zimenezo musakayike. Lembani mzere pansi mamita asanu kuchokera pa roketi, aliyense akhale kuseri kwake, ndipo woyatsa awerenge mokweza kuchokera pa 5 kutsika. Akadina batani injini osayaka, azule kiyi ya choyatsira ndi kudikira masekondi 60 asanayandikire. Nthawi zambiri vuto limakhala mabatire ofooka kapena timawaya toyatsira tasuntha, choncho mutenge mabatire ena atsopano ndi toyatsira tapadera.