Amati a kumaakaunti sadziwa kulankhula ndi anthu

Mayi wina wandilembera imelo. Ali ku ofesi ya maakaunti pa kampani ina ku Blantyre, akufuna kuyamba ntchito yolangiza mabizinesi pa zachuma, koma abwana ake amuuza kuti sangathe chifukwa ndi wofatsa. Achemwali, zandiwawa, poti nanenso mawu amenewo ndinauzidwapo.

Nanenso ntchito ndinayambira m'kachipinda ka maakaunti ka kumbuyo komweko. Mwezi ukatha tinkachezera pa Excel, msonkho wa pa malipiro (PAYE) ufike ku MRA pofika pa 14, VAT pofika pa 25, kenako kufananiza mabuku athu ndi sitetimenti ya kubanki mpaka tambala yosowa ipezeke. Anzathu ankatikumbukira malipiro akachedwa basi. Ndiye zoti wa kumaakaunti sadziwa kulankhula ndikuzikana kwamtuwagalu. Amene amaimbira foni wangongole wozembazemba, kumunyengerera mpaka ndalama ilowe, ndani? Amene amauza dalaivala wokwiya kuti alawansi yake situluka popanda malisiti, ndani?

Chimene chinandilemera nditasamukira ku ntchito yolangiza ndi china. Mu Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndinakhala moyang'anizana ndi bambo wina woitanitsa zipangizo zomangira ku Limbe. Katundu anatenga pa ngongole ya madola, ndipo anali atamugulitsa kale pa mtengo wakale. Ndinawayalira mapepala, manambala onse olondola. Iwo anangowakankhira pambali, nkuvula magalasi. "Mayi, ingondiuzani. Ndichotse anthu, kapena nditseke shopu ya ku Mzuzu?" Panalibe abwana oti ndikawafunse kaye. Yankho linayenera kutuluka pakamwa panga, m'Chichewa chomveka, ndipo mabanja a anthu anali momwemo.

Apa mpamene ndimakwiya ndi makampani ena a zaulangizi. Amatumiza mnyamata wongochoka ku koleji, suti yonyezimira, Chingerezi chothyakuka, koma sanatsekepo mabuku a mwezi ngakhale kamodzi. Amalemba lipoti lokongola, amalandira cheke, amapita. Wokonza zosokonekerazo ndi yemwe uja wa kumbuyo. Ine ndimati munthu asamalangize bizinesi ya mwini asanaonepo akaunti ilibe kanthu pa tsiku lolipira antchito. Inu mwazionapo, ndipo kasitomala amamva m'mayankhulidwe anu.

Nanga muyambire pati?

Malizani mayeso a maakaunti a ICAM kapena ACCA ngati munawasiyira panjira, poti pepala amalifunsa ndithu. Ma auditor, ofufuza mabuku aja, akabwera musamangowapatsira mafayilo pakhomo, khalani nawo pa tebulo. Pemphani kuti lipoti la mwezi muzikalifotokoza nokha kwa mabwana, mawu anjenjemere pano osati kwa kasitomala. Ngati mukufuna kudziimira panokha, dziwani kuti kasitomala amadula msonkho wotchedwa withholding tax asanakupatseni ndalama, ndipo ambiri amalipira mochedwa. Musasiye ntchito musanasunge ya lendi ndi sukulu fizi ya miyezi ingapo.